Yankho kwa amalume pa nkhani ya goloboyi wathu

Eeh amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Domwe? Uthenga wanu pagulupu ndaumva, ndati ndiyankhe pa voisi chifukwa nkhani yake ndi yaitali. Mwafunsa kuti munthu amene moyo wake wonse wangokhala akuima pagolo angakhale bwanji kochi, ndiye mukuti ndalama imene msuweni wangayu akupempha yokachitira kosi ya ukochi ku Tete bola mugule feteleza wa kachewere. Ine ndikuti mulekeni apite amalume, ndipo mundimvetsere mpaka ndimalize.

Inu mumati goloboyi amangoima. Koma tapitani tsiku lina pagalaundi ku Ulongwe mukaime kuseli kwa golo yake, musakaonere mpira ayi, mukangomumvetsera iyeyo. Kukamwa sikutseka mnyamata ameneyu, uyu bwerera, uyo tseka kumanja, iwe usamusiye nambala naini, ndiye ikakhala firikiki amakakamira pamtengo wa golo diso limodzi atatsinzina, dzanja m'mwamba, akusuntha anzake anayi phazi limodzi limodzi mpaka khoma likhale pamene iye akufuna. Osewera ena onse amaona mbali imodzi, iye yekha ndi amene timu yonse ili kutsogolo kwake, amaona bowo lisanatseguke. Ntchito ya kochi ndi imeneyotu, kungoti kochi amaichita ali panja pa mzere.

Ndikupatseni munthu mmodzi amene ndimamutsatira kwambiri, Nuno Espírito Santo, wobadwira ku São Tomé mu 1974. Anali goloboyi, ndipo zaka zambiri sanali nambala wani. Ku Porto nthawi ya kochi Mourinho amene ankagwira ndi Vítor Baía, iye ali phee pa benchi, mpaka Porto inatenga Champions League mu 2004 iye akuonera pambali. Wina akanatha kukwiya n'kuwusiya mpira, koma benchi imeneyo ndi imene inali sukulu yake, wakhala pafupi ndi kochi, akumva kuti wasintha uyu chifukwa chiyani, pa hafu akuwauza zotani anyamata. Atasiya kusewera mu 2010 sanalumphe n'kukatenga timu yaikulu ayi, anayamba ngati wophunzitsa magoloboyi pansi pa Jesualdo Ferreira, ku Málaga kenako ku Panathinaikos. Mu 2012 ndi pamene anapatsidwa Rio Ave, katimu kakang'ono ka ku Portugal, ndipo mu 2014 anakafikitsa m'mafainolo awiri a makapu. Kuchoka apo Valencia, kenako Porto yomwe ija ankakhalira pa benchi, kenako Wolves imene anaikweza kulowa Premier League mu 2018 n'kumaliza nayo pa nambala 7 masizoni awiri otsatizana. Mwamva amalume? Munthu woima pagolo ameneyo.

Ndipo si yekha. Dino Zoff anakweza World Cup ndi Italy mu 1982 ali ndi zaka 40, atakhala kochi anatenga UEFA Cup ndi Juventus mu 1990, Italy anaifikitsa fainolo ya Euro 2000. Lopetegui nayenso goloboyi, anatenga Europa League ndi Sevilla mu 2020. Kapena mukuti amenewo ndi akutali, chabwino, pafupi pompa pa Zambia pali Kennedy Mweene, uja anagwira penate ya Kolo Touré n'kumwetsanso yake pa fainolo ya Africa Cup of Nations ya 2012, atapachika magolovesi anakhala wophunzitsa magoloboyi ku Mamelodi Sundowns.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa khomo la msuweni wangayu ndi lomweli. Mpira wa masiku ano goloboyi si wongogwira basi. Chiyambire 1992 pamene analetsa kugwira ndi manja mpira umene mnzako wakubwezera ndi phazi, goloboyi akufunika adziwe kupasa, kuyambitsa masewero kumbuyo, kutuluka pa kona, ndiye matimu akuluakulu amakhala ndi munthu wapadera wophunzitsa zimenezi tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu ku Tete mpira ulipo amalume, Songo inatenga Moçambola, ligi yaikulu ya Mozambique, mu 2017, 2018 ndi 2022, Chingale ilipo, matimu a m'maboma ndi ambirimbiri, koma tayang'anani ana athu akamatrena, goloboyi amangomuika pagolo anzake azimuwombera mashuti, palibe womuonetsa kagwedwe, palibe womuuza kuti mpira wa m'mwamba uzikweza bondo. Zimandipweteka ine, chifukwa ana aluso akuthyoka mapewa pa zinthu zoti munthu mmodzi wodziwa akanawaongola.

Sindikunamizani kuti ndi ntchito yofewa. Nuno yemweyo ku Tottenham mu 2021 anamuchotsa patangotha miyezi inayi. Timu ikaluza woyamba kulozedwa chala ndi kochi, ndipo poyamba ndalama yake ndi yochepa, mwina palibiretu, munda asausiye, zimenezo ndamuuza kale ndipo wamva. Koma popanda pepala palibe timu ya mu ligi ingamuyang'ane, malaisensi a ukochi a CAF, bungwe la mpira mu Africa, amayenda ndi masitepe, D, C, B, A, ndiye sungafike pamwamba usanaponde pansipo. Bondo lake lija mukulidziwa, zaka zogwa pansi pa galaundi youma ya kwathu kuno zatsala zochepa, ndiye nzeru zonse zili m'mutu mwakezo zingothera pa benchi ya pamsika akukamba za kale? Ayi amalume, ine zimenezo sindingavomere.

Za feteleza ndamva ndipo sindikuzipeputsa, kachewere ndi amene amatidyetsa tonse. Ndiye tichite chonchi, theka la ndalama ya kosi ndilipira ine, nditumiza pa M-Pesa mwezi ukatha. Achemwali ku Moatize ndalankhula nawo, akuti malo ogona asadandaule, ndi chapa, minibasi ya tsiku ndi tsiku, adzaona okha. Inu mungomupatsa ya thiransipoti yochokera ku Ulongwe ndi theka linalo, feteleza wanu asakhudzidwe kwambiri. Mukambirane ndi azakhali madzulo ano mundiyankhe mawa, kuti mnyamata akalembetse dzina malo asanadzaze.