Hiace ya 3L yotentha pa Thabwa: musathamangire kutsegula injini

Achimwene, mwati minibasi yanu ya Hiace ya injini ya 3L imatentha mukamakwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa, ndipo ikatentha kagetsi ka oyilo kamaphethira mukaima pa siteji. Zoti muigulitse kapena ayi ayankhe ena, ine ndinena za injiniyo.

Amene akuti muchotse thermostat (kavavu kotsegula njira ya madzi injini ikafunda) musawamvere chonde. Ikachoka, injini imachedwa kufunda m'mawa, imadya dizilo, ndipo vuto lenileni limakhala lilipobe. Aja akuti muthire oyilo wolimba wa 20W-50 akungofuna kuzimitsa kagetsi basi. Oyilo akatentha kwambiri amasungunuka n'kukhala wamadzimadzi, presha imatsika, kagetsi n'kuyaka. Ndiye yambani ndi kutenthako.

Injini ikatentha, izimitseni muzunguze fani ndi dzanja. Ikamangozungulira yokha osalimba, ndiye kuti fan clutch (kachipangizo kozunguza faniyo) yatha mafuta ake a silikoni, ndipo pachitunda siikoka mphepo yokwanira. Matenda a kutentha pokwera phiri okhaokha nthawi zambiri amakhala amenewa. Kenako radiyeta. Madzi a pamjigo amene timathira tsiku ndi tsiku amasiya dzimbiri ndi zoyerayera zotseka timapaipi. Kuitsuka ndi payipi ya madzi sikuthandiza, ipite kwa okonza maradiyeta aitsegule, aichokoche mpaipi umodziumodzi. Chivindikiro chakenso musinthe, chogwira presha ya 0.9 bar, ndipo muzithira coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini).

M'mawa injini isanatenthe, tsegulani chivindikirocho muilize. Mukaona thovu likutuluka mosalekeza, kapena mutailiza chivindikiro chili chotseka paipi ya pamwamba yauma gwa nthawi yomweyo, gasiketi yapsa kapena hedi yang'aluka. Mahedi a 2L, 3L ndi 5L sapirira kutentha. Injini ikawira panjira musatsegule chivindikiro, mupsa nkhope, ndipo musathire madzi ozizira pompopompo. Dikirani izizire.

Za oyilo ndinene mwamphamvu chifukwa zinandiwawa. Hilux yanga inkachita chimodzimodzi, makaniko wina anangomvera kulira kwake n'kuti mabeyaringi atha. Anagwetsa injini yonse, kirankishafuti anakaipala, ndalama zinapita zambiri. Titailiza, kagetsi kankaphethirabe. Vuto linali kasefa ka m'sampu (mosungira oyilo pansi pa injini), kanatsekeka ndi matope a oyilo wakale ndi zidutswa za silikoni womatira gasiketi, ndipo iye sanakatsuke n'komwe. Kuyambira pamenepo sindilola munthu kumasula bawuti asanayeze presha. Achotse oil pressure switch (kamene kamayatsa kagetsi ka oyilo), amangepo geji ya muvi, ayeze injini ili yotentha. Buku la Toyota limati ikamangolira galimoto itaima presha isatsike pansi pa 0.3 bar, ndipo pa 3,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) izikhala cha m'ma 3 bar kupita m'mwamba. Ikakwana pamenepo, switch ndiye yafa. Ikapanda kukwana, atsitse sampu aone kasefa kaja, kenako pampu ya oyilo, mabeyaringi pomaliza.

Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, koma switch ndi chivindikiro pamodzi sizingafike pa mtengo wa tayala limodzi, pamene hedi yatsopano ndi kumangitsa kwake ingakudyereni ndalama ya miyezi ingapo ya minibasiyo. Fyuluta ya oyilo musagule yotchipa kwambiri ya m'mbali mwa msewu, zina zimafwafwanyika m'kati.

Kufikira mutayeza, musakwerenso Thabwa ndi anthu odzaza, makamaka nthawi yotentha ngati ya Okutobala. Kagetsi kakayaka osazima muli pa liwiro, imani pomwepo muzimitse, apo ayi injini inoka.