Funsani Tikuyankheni: Kodi ndilipire wotiperekeza pa Santorini?

Funso: Mwana wanga amene amagwira ntchito kunja wandilipirira ulendo wa pa sitima ya pamadzi yozungulira zilumba za ku Greece. Pa Santorini tidzaima maola ochepa chabe. Akuti ndiwonjezere ndalama kuti ndiyende ndi gulu lokhala ndi wotiperekeza. Maondo anga savuta pang'ono. Kodi n'zofunikadi? — Mayi wa ku Kapata, Chipata

Yankho: Amayi, ndi maondo amenewo, lipirani basi. Pa Santorini sitima zikuluzikulu sizifika pagombe. Zimaima pakati pa madzi, ndipo timaboti ndi timene timakutulani kumtunda. Oyenda okha amatsikira padoko lakale, pomwe tauni ya Fira ili pamwamba pa phompho. Kuti mufikeko mukwere cable car (kangolo konyamula anthu koyenda kakulendewera pa chingwe), bulu, kapena masitepe oposa 500. Ine ndinaima pamzere wa cable car dzuwa likuswa mtengo, botolo langa la madzi litatha kale, ndikungoyang'ana abulu akutsetsereka ndi alendo. Sindidzabwerezanso.

A gulu kawirikawiri amatsikira padoko la Athinios, basi ikuwadikira, n'kupita ku Oia, mudzi wa nyumba zoyera ndi matchalitchi a madenga abuluu. Ubwino wina: gulu lokonzedwa ndi eni sitima likachedwa, sitima imadikira. Mukachedwa muli nokha, imakusiyani.

Koma funsani kumene ulendowo umathera. Ambiri amakusiyani ku Fira, ndipo potsika mumakumananso ndi mzere uja. Valani nsapato zafulati, tengani chipewa ndi ma euro ochepa, pakuti kwacha yathu kumeneko sagulira ngakhale madzi.