Mafunso ndi Mayankho: Ngongole ikundifinya, kodi phungu ali kuti?

FUNSO: Ndinatenga ngongole ya K500,000 ku kampani ina yobwereketsa ndalama. Anati chiwongoladzanja ndi 5 peresenti pamwezi kwa miyezi 12, ndipo amadula ku malipiro anga. Nditawerengera ndapeza kuti ndidzabweza K800,000. Kodi ameneyu si katapila? Aphungu athu sakuziona zimenezi?
Mphunzitsi, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, masamu anu ndi olondola. Kampaniyo ikuwerengera 5 peresenti pa K500,000 yonse mwezi uliwonse, ndiye K25,000 kuchulukitsa ndi 12, ngati kuti simunabwezeko kalikonse. Akanawerengera pa ndalama yotsala yokha, chiwongoladzanja chikanakhala pafupifupi K177,000 osati K300,000. Ambiri amagwa apa, chifukwa amamva "5 peresenti" osafunsa kuti ya ndalama iti. Musanasaine, funsani zinthu ziwiri: ndalama yonse imene mudzabweze, ndi imene adule musanalandire, monga ya inshuwalansi ndi yokonzera mafomu.

Pa vuto lanuli, yambani ndi kalata yodandaula ku kampaniyo, musunge kope lake lodindidwa. Akapanda kukuthandizani, pitani ku Reserve Bank of Malawi, kumene Gavanala ndiyenso Registrar of Financial Institutions, kutanthauza woyang'anira mabungwe a zachuma. Mutenge pangano la ngongole ndi mapepala a malipiro osonyeza zimene adula. Funsaninso ngati kampaniyo ili ndi chiphaso, poti lamulo la Microfinance Act la 2010 limafuna kuti obwereketsa otere alembetsedwe. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandiranso madandaulo a ogula amene anamizidwa. Ndipo lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso pangano ngati chiwongoladzanja chapyola muyezo, ngakhale munasaina.

Tsono za aphungu. Phungu sangafafanize ngongole yanu, koma malamulo otere amadutsa m'manja mwa aphungu, ndipo pamene lamulo lili ndi mpata, oyenera kutseka ndi iwo. Mu 2018 phungu wa Dowa West, a Alexander Kusamba Dzonzi, anabweretsa bilu yoika malire pa chiwongoladzanja. Mabanki anaikana, ponena kuti idzachititsa kuti anthu osauka asamapatsidwe ngongole, ndipo sinakhale lamulo. Mfundo ya mabankiyo si yopanda pake, koma ife tikuona kuti kukana malire popanda kuika chitetezo china kunasiya wobwereka pamtetete.

Kuchotsa phungu pakati pa nthawi simungathe, chifukwa gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, limene linkalola zimenezi, linachotsedwa mu 1995. Chotsala ndi kumupanikiza ndi zolembedwa. Sonkhanani anthu amene mwavutika mofanana, mulembe chikalata chimodzi chokhala ndi ziwerengero zenizeni, musaine, mupemphe phungu wanu kuti akachipereke ku Nyumba ya Malamulo kapena akafunse funso kwa nduna ya zachuma. Kope lina litumizeni ku komiti ya bajeti ndi zachuma. Pempho likhale limodzi ndi lomveka, mwachitsanzo lakuti pakhale chilango chowawa kwa wobwereketsa wobisa ndalama yonse yobweza. Kudandaula chabe kuti "zinthu zavuta" kumayankhidwa ndi malonjezo.

Zonse zimene phungu walankhula m'Nyumbamo zimalembedwa mu Hansard, buku la zokambirana za aphungu. Nyumba ikatsekera, mufunseni tsiku limene anadzutsa nkhani yanu, mukayang'ane nokha.