Waya wa masipika ndi ampu ya home theater: musathamangire ya mawatsi 1000

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndipo ndati ndisangodutsa. Mwati muli ndi masipika asanu olembedwa 6 ohms kumbuyo kwake, ndi sabufa, sipika ya bezi ija, ya pulagi yakeyake, masipika awiri akumbuyo akufuna waya wa mamita 12 popeza muzunguliza m'mbali mwa khoma, ndiye pali amene wakulangizani kuti mugule ampu ya mawatsi 1000 komanso waya wodula uja wa golide kunsonga. Dikirani kaye, musagule.

Ndiyambe ndi waya chifukwa mpamene anthu ambiri amatayira ndalama pachabe. Ntchito ya waya ndi imodzi basi, kutenga mphamvu ku ampu kukafikitsa ku sipika osataya yambiri panjira, ndipo zimene zimalamula pamenepo ndi zitatu, kunenepa kwake, kutalika kwake, ndi chitsulo chimene chili mkatimo. Zina zija za pulasitiki yonyezimira, dzina lapa paketi, timivi tojambula pawaya toti eti mawu aziyenda mbali imodzi, khutu lanu silidzazimva. Magetsi opita ku sipika ndi AC, amapita n'kubwerera, choncho waya alibe kutsogolo kapena kumbuyo.

Pa mpukutu mupeza nambala ya AWG, muyezo wa kunenepa kwa waya, ndipo apa pamasokoneza, nambala ikakhala yaing'ono waya ndiye wonenepa. 16 AWG ndi pafupifupi 1.3 mm², 14 AWG ndi 2.1 mm², 12 AWG ndi 3.3 mm². Ngati mpukutuwo walembedwa ma mm² okhaokha tengani 1.5 m'malo mwa 16 ndi 2.5 m'malo mwa 14, mwawonjezako pang'ono ndipo palibe choipa. Lamulo limene ambiri timatsatira ndi loti resistance ya waya, kutanthauza momwe amakanizira magetsi kudutsa, isapitirire 5 pa 100 ya ma ohms a sipika. Anuwo ndi 6 ohms ndiye malire anu ndi 0.3 ohms. Tsono musaiwale kuti magetsi amapita ndi nthambo imodzi n'kubwerera ndi inayo, mamita 12 anu aja kwenikweni ndi 24. Waya wa kopa wa 16 AWG ali ndi pafupifupi 0.013 ohms pa mita iliyonse, kuchulukitsa ndi 24 tikupeza 0.3 ndi kakanthu, mwafika kale pamalire. Wa 14 AWG pa mtunda womwewo akupatsani 0.2, ali bwinobwino. Ndiye akumbuyowo ikani 14, akutsogolo ndi yapakati amene ali mamita awiri kapena atatu kuchoka pa ampu 16 ndi wokwana. Kapena gulani mpukutu umodzi wa 14 muyendetse ponseponse, ine ndimatero kuti ndisamavutike.

Chimene ndikufuna muchisamale kwambiri ndi zilembo zitatu izi, CCA. Ameneyu ndi waya wa aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba, kumuona kunja simungasiyanitse ata. Aluminiyamu imadutsitsa magetsi pafupifupi 61 pa 100 poyerekeza ndi kopa, zikutanthauza kuti 14 AWG wa CCA agwira ntchito ngati 16 wa kopa, komanso sachedwa kuthyokera pa tinthu tomangira tija mukamamasula n'kumanganso. Ine ndinagulapo wotereyu osadziwa, patatha miyezi sipika imodzi yakumbuyo inayamba kumveka modukiza, ndinafufuza mu ampu, mu HDMI, m'ma settings, kumapeto ndinapeza tinthambo tathetheka mkati mwa terminal, zinandiwawa chifukwa waya yense ndinali nditamukhomerera kale m'khoma. Kumuyesa n'kosavuta, sendani kansonga mupale ndi mpeni, mukaona zoyera ngati siliva mkati ndi CCA, wa kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka mkati ndipo mpukutu wake umalemera m'manja. Zoti OFC, kopa wochotsedwa okosijeni, musavutike nazo mtima, bola akhale kopa. Ma banana plug, timapulagi toika kunsonga kwa waya, ndi abwino pongofewetsa ntchito yozula ndi kulowetsa, mawu sasintha. Koma ngati waya adutsa mkati mwa khoma kapena m'siling'i funani wopangidwira zimenezo, ena amalemba CL2 kapena CL3, chikuto chake sichifalitsa moto msanga.

Polumikiza, yofiira ku yofiira, yakuda ku yakuda, mbali zonse ziwiri. Mukatembenuza sipika imodzi siipsa koma bezi imachepa ndipo mawu amamveka ngati akuchokera paliponse. Ndipo potani nsongazo bwinobwino, kanthambo kamodzi kokha kakakhudza terminal inayo ndi shoti, ampu izingozima yokha.

Tsopano ampu. Choyamba chimene mukufuna si ampu wamba ya stereo, imeneyo ili ndi ma channel awiri okha. Mukufuna AV receiver ya 5.1, kutanthauza masipika asanu ndi sabufa imodzi, imene imalandira HDMI, kumasulira Dolby ndi DTS n'kugawira sipika iliyonse mawu ake. Ngati mukulingalira zodzaika masipika a m'denga a Dolby Atmos mtsogolomu tengani ya ma channel 7 imene ingathe 5.1.2, ndiye kuti 5.1 kuonjezapo awiri a m'denga, apo ayi ya 5 yakwana. Onaninso kuti ili ndi eARC, njira yotumizira mawu kuchoka mu TV kupita ku receiver kudzera pa HDMI, chifukwa ARC yakale ija siitha kutumiza Dolby TrueHD kapena DTS-HD Master Audio. Amene mumasewera PlayStation 5 kapena Xbox Series X mufunenso HDMI 2.1 yotha 4K pa 120Hz.

Za mawatsi 1000 zija ndi zimene zikundidetsa nkhawa. Kawirikawiri nambala zikuluzikulu chonchi zimakhala PMPO, mphamvu ya kamphindi kochepa chabe, kapena aphatikiza ma channel onse atayeza imodziimodzi pa 1kHz mawu atayamba kale kusweka. Inu funani mzere wonena chonchi, mawatsi akuti pa 8 ohms, 20Hz mpaka 20kHz, ma channel awiri akulira limodzi, THD, muyezo wa kusweka kwa mawu, yosafika 0.1%. Imeneyo ndiye nambala yoti muikhulupirire. Ndipo dziwani kuti ma channel asanu akamalira onse pamodzi iliyonse imalandira zocheperapo chifukwa onse akumwa pa power supply imodzi. Tembenuzani ampuyo muwerenge kumbuyo mphamvu imene imakoka pa soketi, chinthu chokoka mawatsi mazana ochepa sichingakhale chikutulutsa 1000 mosalekeza.

Komanso mawatsi sayenda ndi phokoso momwe timaganizira. Kuchoka pa 50 kupita pa 100 mwangowonjezera 3 dB basi (dB ndi muyezo wa phokoso), kusiyana kwake kumamveka koma n'kochepa. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza pamafunika pafupifupi 10 dB, kumene ndi kuchulukitsa mphamvu ka 10. Nambala imene anthu saiyang'ana koma ndiye yofunika ndi sensitivity ya sipika. Yolembedwa 88 dB ikutanthauza kuti watsi imodzi yokha ikutulutsa 88 dB mutaima mita imodzi, mawatsi 10 ndi 98, mawatsi 100 ndi 108, inde mukakhala patali pa sofa zimatsikako koma mukuona nokha kuti pabalaza wamba receiver ya mawatsi 60 mpaka 90 enieni pa channel ndi yokwana. Kuonjezera apo sabufa yanu ili ndi ampu yake mkati, ntchito yolemetsa ya bezi ili kumeneko. Imeneyo musaiikire waya wa sipika, imafuna chingwe cha RCA kuchoka pa SUB OUT ya receiver kupita pa LFE ya sabufa. Mu menu ikani masipika onse asanu pa Small ngakhale akuoneka akuluakulu, crossover, malire amene bezi imayambira kupita ku sabufa, pa 80Hz poyambira, receiver ipepukidwa ndipo mawu a anthu olankhula mufilimu amveka oyera.

Musaope kuti ampu yoposa pang'ono mawatsi a sipika iotcha zinthu. Nthawi zambiri ma tweeter, timasipika ta mawu aang'ono tija, amapsa pamene ampu yatha mphamvu koma munthu akukwezabe voliyumu, mafunde amaduka pamwamba, ndiye clipping imeneyo, mawu amayamba kukanda m'khutu. Mukangomva choncho tsitsani pomwepo.

Ma ohms ndiye musalakwitsepo. Kumbuyo kwa receiver pafupi ndi ma terminal amalemba 6 mpaka 16 ohms kapena 4 mpaka 16. Anu a 6 alowa pa zonse ziwiri. Amene akuwerenga ali ndi masipika a 4 ohms atenge yolola 4, ndipo a timasipika tochokera pa home theater zogulitsidwa m'katoni imodzi zija aone kaye chifukwa tambiri timakhala 3 ohms, receiver izitentha n'kumazima. Isiyireninso mpata pamwamba ndi m'mbali kuti mpweya uziyenda, osaitsekera m'kabati, osasanjikapo dikoda.

Mukamaliza kulumikiza musataye kamaikolofoni kamene kamabwera m'katoni. Njira yoyezera ndi kamaikolofoniko Denon ndi Marantz amati Audyssey, Yamaha ndi YPAO, Pioneer ndi MCACC, ntchito yake ndi yofanana, kamayeza mtunda ndi mphamvu ya sipika iliyonse kuchokera pamene mumakhala. Kaikeni pa msinkhu wa makutu, m'nyumba mukhale zii, ndipo ikamaliza bwererani mu menu mukaone chifukwa nthawi zina imabwezera akutsogolo pa Large.

Jambulani kapepala kali kumbuyo kwa sipika yakutsogolo ndi yapakati muponye pano, mundiuzenso mamita ochoka pa TV kufika pa sofa, tiwerengere limodzi mawatsi amene mukufunikadi.