Ndaika makalasi onse pa Moodle koma ophunzira sakuonera, nditani?

Ndalandira imelo kwa mphunzitsi wina wa ku koleji, akuti anajambula makalasi ake onse a semesita, vidiyo iliyonse maola awiri, nkuika pa Moodle, pulogalamu ya pa intaneti yomwe aphunzitsi amaikapo maphunziro, koma akaona malipoti akupeza kuti ophunzira amangotsegula kamphindi nkutseka. Ndiye akufunsa ngati asinthe pulogalamu kapena agule kamera yabwinoko.

Aphunzitsi, kamerayo isiyeni kaye. Moodle nayonso ilibe mlandu, chiyambire 2002 pomwe Martin Dougiamas anaitulutsa makoleji ambirimbiri akuigwiritsa ntchito bwinobwino. Chavuta nchakuti mwanyamula kalasi yonse momwe ilili nkuiponya pa intaneti, pomwe munthu amene ali yekha ndi foni, mauthenga akulowa apa ndi apo, sangakhale maola awiri akumvera munthu mmodzi olo atamukonda bwanji. Mu 2014 Philip Guo ndi anzake anafufuza mmene anthu amaonera mavidiyo a edX, webusaiti ya makosi a pa intaneti, ndipo anapeza kuti ikangodutsa mphindi 6 chidwi chimayamba kutha. Ndiye duladulani, vidiyo imodzi mfundo imodzi.

Koma musanajambulenso chilichonse khalani pansi mulembe zomwe mukufuna wophunzira azitha kuchita kosi ikatha, kenako mmene mudzadziwire kuti wathadi, chida monga kamera kapena pulogalamu chizibwera pomaliza. Apa mpomwe ambiri amaphonya, amayamba ndi chida chifukwa nchatsopano nkumafunafuna pochiika.

Chomwe ine ndimalimbikira kwambiri ndi kwizi. Pambuyo pa kavidiyo kalikonse ikani mafunso atatu kapena anayi, mamakisi ochepa chabe, oti akhoza kubwereza kangapo. Akatswiri ofufuza Roediger ndi Karpicke mu 2006 anaonetsa kuti ophunzira amene ankadziyesa kukumbukira zomwe awerenga ankakumbukira zambiri patatha sabata kuposa amene ankangobwereza kuwerenga, ndiye kwiziyo musaitenge ngati chilango, kuyankhako ndi kuphunzira komweko. Ubwino wina Moodle imachonga yokha komanso imakuonetsani funso lomwe ambiri alakwa, mukamalowa mkalasi mumadziwiratu poyambira.

Ndipo nthawi ya mkalasiyo isakhalenso yobwereza zamuvidiyo, mukatero sadzaoneranso chifukwa akudziwa kuti mukanena zomwezo. Tengerani zomwe Eric Mazur anayambitsa ku Harvard kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pophunzitsa fizikisi: funso limodzi lovutirapo, aliyense avote payekha, kenako akambirane ndi mnzake wapafupi aliyense kuteteza yankho lake, nkuvotanso. Masiku ano povota, Google Forms (fomu ya mafunso ya pa intaneti) pa foni ikukwanira.

Musaiwale amene netiweki imawavuta kapena samva bwino, pambali pa vidiyo ikani PDF ya mfundozo ndi mawu olembedwa pansi pa vidiyoyo, komanso auzeni za apu ya Moodle yomwe imalola kudawunilodiratu zinthu nkumawerenga opanda intaneti.

Musasinthe kosi yonse nthawi imodzi, mutopa. Sankhani mutu umodzi womwe ophunzira amalephera chaka ndi chaka, mukonze umenewo kaye, mukafanizire ndi zotsatira za chaka chatha ndipo mundilemberenso tione limodzi.