Kadontho ka leza kovinavina

Funso: Usiku wina ku Chinamwali tinaloza leza (tochi yotulutsa kuwala kowonda kwambiri) pakhoma lapatali. Kadontho kofiira kankangonjenjemera ngakhale tinaimangirira pampando. Kodi yawonongeka? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Ayi achimwene, leza yanu ili bwinobwino (koma osaloza munthu m'maso). Wolakwa ndi mpweya. Wotentha umapepuka kuposa wozizira, ndiye kuwala kukadutsa pamene mipweya iwiriyi ikusakanikirana kumakhotakhota. Munaonapo tala wa msewu wa ku Liwonde akuchita ngati madzi mu Okutobala? N'zomwezo. Ineyo ndikakwera Ku Chawe madzulo, magetsi a m'tauni amangophethira chimodzimodzi.

Asayansi zimawasowetsa mtendere akamatumiza uthenga pa kuwala kopota ngati chingwe, kokhala ndi kamdima pakati. Mpweya wosakhazikika umakuphwasula, kamdima kaja n'kusuntha kapena kugawikana, uthenga n'kufika wosokonekera.