Fumbi la m'mbali mwa msewu ndi mwana wokwawa

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Amagulitsa tomato ndi mandasi m'mbali mwa msewu wa tala, ndipo mwana wawo wa chaka ndi theka amaswera nawo pa benchipo. Akufunsa kuti: "Ndinamva kuti fumbi la mumsewu lili ndi poizoni. Ndi zoona, kapena choopsa ndi chifuwa chokha?"

Mayi, ndi zoona. Chifuwa chimaoneka msanga n'chifukwa chake chimatidetsa nkhawa, koma chimene ine ndingaope kwambiri ndi fumbi limene mwana amameza, osati limene amapuma lokha.

Fumbi la mumzinda si dothi wamba. Minibasi ikamaponda mabuleki, tizidutswa ta mkuwa timanyenyeka n'kugwera pansi. Matayala akamaperepeseka amasiya zinki. Onjezani oyilo wotayika, penti wakale wosupuka pamakoma, ndi anyamata amene amaswa mabatire a galimoto pambali pa msewu kuti achotse mtovu, chitsulo cholemera chimene pa Chingerezi amati lead. Pa zonsezi, mfumu yake ndi mtovuwo. Kale unkathiridwa mu petulo. Maiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wotere pofika 2006, ndipo Algeria ndiye anali womaliza pa dziko lonse lapansi kumusiya, mu 2021. Vuto n'lakuti mtovu suwola. Umene unagwa pansi zaka zimenezo ukhoza kukhalabe m'dothi, kumangouluka galimoto ikadutsa.

Kuti mumvetse kuopsa kwake, taonani za ku Kabwe, kwa anansi athu ku Zambia. Kumeneko kunali mgodi wa mtovu ndi zinki, kuyambira nthawi imene tawuniyi inkatchedwa Broken Hill, mpaka unatsekedwa mu 1994. Zotsalira zake zinaunjikana kukhala mulu waukulu umene anthu amautchula kuti Black Mountain. Mphepo imanyamula fumbi lake kupita m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa, komwe misewu yambiri ndi yafumbi. Ana ambiri kumeneko sagwira ntchito mumgodi ayi. Amangosewera pabwalo, kunyambita zala, kutola chinangwa chogwa pansi. Koma atawayeza magazi, ambiri anapezeka ndi mtovu wopitirira ma microgram 45 pa desilita (umo ndi mmene amawerengera mtovu m'magazi), mlingo umene madokotala amayamba kupereka mankhwala ochotsa mtovu m'thupi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati ukafika pa 5 basi, yambani kale kufufuza kumene ukuchokera, komanso limanenetsa kuti palibe mlingo wa mtovu umene ndi wabwino m'thupi. Mu 2020 anthu a ku Kabwe anasumira kampani ya migodi ya Anglo American kukhoti la ku Johannesburg pa nkhani yomweyi.

Lilongwe si Kabwe, musachite mantha mopitirira. Pa benchi yanu palibe mgodi. Koma njira yolowera m'thupi ndi yomweyo: kuchoka pansi, kufika m'manja, kukathera m'kamwa. Ndipo thupi la mwana limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, makamaka ngati mwanayo ali ndi njala kapena magazi ake ndi ochepa. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula, ndipo nthawi zambiri umachita zimenezi mwakachetechete, popanda kutentha thupi. Mwana amachedwa kulankhula, akafika kusukulu zinthu sizilowa, ife n'kumati ndi wogona. Kwa akuluakulu umakweza BP ndi kuwononga impso.

Pano ndilankhuleko ndi amayi oyembekezera, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mumalakalaka dothi. Dothi lokumba pafupi ndi msewu kapena garaja lisiyeni. Mtovu umadutsa kukafika kwa mwana ali m'mimba, ndipo chilakolako chimenecho nthawi zambiri chimayenda ndi kuchepa kwa magazi, choncho kachinenereni ku sikelo.

Nanga inu muchite chiyani, poti bizinesi simungaisiye? Mwanayo musamusiye pa dothi lenileni. Muyalireni mphasa kapena chiguduli kumbuyo kwa benchi, kutali ndi tala mmene mungathere, ndipo muzichichapa. Asanadye chilichonse, ngakhale kachidutswa ka ndasi, msambitseni m'manja ndi sopo, osangopukuta ndi chitenje chomwe chamwa fumbi tsiku lonse. Mandasi azikhala mu ndowa yotseka. M'mawa, musanasese, wazani madzi kaye. Kusesa pouma kumangonyamula fumbi lija kulipititsa m'mphuno mwanu ndi pa tomato. Kunyumba, nsapato zizitsala pakhomo, pansi muzikolopa ndi nsanza yonyowa. Usipa, nyemba ndi bonongwe zimathandizanso, chifukwa thupi limene lili ndi ayironi ndi kashiamu wokwanira silitenga mtovu wambiri.

Ngati pafupi nanu pali amene amaswa kapena kusungunula mabatire, pamenepo sindinyengerera: sunthani benchi. Ndipo mukapita ku sikelo, muwauze a zaumoyo momveka bwino kuti mwana amaswera pafupi ndi ntchito imeneyo.